Zipewa za makanda ndi mabulangete opereka: ulusi, miyeso ndi zolakwika zimene zimawononga ntchito

Mayi, mwafunsa kuti gulu lanu, momwe ena amaluka ndi masingano awiri ena ndi crochet, likufuna kuluka zinthu zokapereka kwa makanda akuchipatala ndi ana osowa, ndiye muyambe ndi chiyani, mugule ulusi wanji komanso wochuluka bwanji.

Ulusi uyambe wadikira kaye. Tumani munthu mmodzi akaonane ndi amene adzalandire katunduyo. Ngati ndi kuchipatala, akacheze ndi namwino woyang'anira wodi ya makanda, amufunse chimene chikusowa kwenikweni, misinkhu yake, ndi mmene amachapira. Funso la kachapidweli anthu amaliiwala, chonsecho ndi limene limakuuzani ulusi woti mugule. Zipatala zambiri zimachapa m'madzi otentha mpaka madigiri 60, ndipo ubweya weniweni wa nkhosa ukafikisidwa m'madzi otere umagwirana, kachipewa n'kusanduka kachiguduli kolimba koti ngakhale chibakera sichingalowemo. N'chifukwa chake pa zinthu za makanda oluka ambiri amasankha acrylic wofewa: amapirira kuchapa, amauma msanga. Choipa chake n'chakuti akakhudza moto amasungunuka n'kumatirira pakhungu, ndiye bulangete lopita kwa anthu amene amagona pafupi ndi moto ndi bwino likhale la ubweya, womwe sugwira moto msanga. Thonje ndi labwino pa zipewa za odwala khansa amene tsitsi lathothoka ndi mankhwala, poti siliyabwa pamutu, koma silitamuka ndipo limachedwa kuuma.

Gwirizanani kukula kumodzi kwa ulusi gulu lonse. Wosavuta ndi umene papepala lake palembedwa DK, wolukira masingano a 4mm kapena crochet ya 4mm. Papepala lomwelo pamakhalanso nambala ya mphika umene ananyikamo utoto. Mipukutu iwiri ya mtundu umodzi koma manambala osiyana imaoneka yofanana usiku, koma mukaiyanika padzuwa mzere wosiyanitsa umaonekera poyera.

Aliyense asanayambe chenichenicho aluke kansalu koyesera n'kukayeza ndi tepi. Ndi DK ndi masingano a 4mm, masitichi pafupifupi 22 amakwana masentimita 10. Wa manja olimba amapeza 24 kapena 25, ameneyo atenge masingano okulirapo pang'ono. Wa manja ofewa amapeza 20, atenge ocheperapo. Zikuoneka ngati kutaya nthawi, koma kusiyana kwa masitichi awiri okha pa masentimita 10 kumasintha chipewa chonse ndi masentimita pafupifupi atatu, ndipo pamutu wa khanda kumeneko ndi kusiyana kwa chipewa chogwira bwino ndi chipewa chotsikira kumaso.

Tikambe za zipewazo, chifukwa ndi zimene zimafunika kwambiri. Mutu wa khanda ndi waukulu poyerekeza ndi thupi lake, ndiye kutentha kwambiri kumathawira pamenepo. Njira ya kangaru, yoika mwana wobadwa masiku asanakwane pachifuwa pa mayi ake khungu ndi khungu, inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, ndipo mwana wotere amangovala thewera ndi chipewa, mwina ndi timasokosi. Juzi yokongola ya manja aatali pamenepa ilibe ntchito, imangotchinga khungu la mwana kuti lisakhudzane ndi la mayi. Mutu wa khanda lobadwa pa nthawi yake umazungulira masentimita 33 mpaka 36, ndipo chipewa chiyenera kuchepera ndi masentimita awiri kapena atatu kuti chigwire. Pa masingano awiri yambani ndi masitichi 72 a khanda lalikulu, 64 a locheperapo, 56 a lobadwa masiku asanakwane. Manambala onsewa amagawika ndi 8, ndipo ndi dala. Lukani rib, plain imodzi purl imodzi, masentimita atatu, kenako mzere wa plain mzere wa purl mpaka kutalika konse kufike masentimita 9, kapena 7 pa kakang'ono kaja. Potseka pamwamba pa chipewa cha 72, lukani masitichi 7 n'kuphatikiza awiri otsatirawo, bwerezani kasanu ndi katatu mpaka mzere uthe, bwererani ndi purl, ulendo wotsatira lukani 6 n'kuphatikiza awiri, kenako 5, choncho mpaka atsale 8. Dulani ulusi, muupise m'masitichi otsalawo, kokani, sokani msoko wakumbuyo. Msokowo ukhale wafulati, chifukwa khanda limagonera pomwepo ndipo khungu lake silichedwa kuchita mkwingwirima wa msoko wokhuthala. Mpukutu wa magalamu 100 umatulutsa zipewa zinayi kapena kuposerapo.

A crochet amayambira pamwamba kutsika. Pangani kabwalo ka masitichi 12 a double crochet ya aku America, mzere wachiwiri 24, wachitatu 36, kuwonjezera 12 ulendo uliwonse. Funso limakhala lakuti musiyire pati kuwonjezera, ndipo yankho lili m'masamu a kusukulu aja: gawani kuzungulira kwa chipewa ndi 3.14. Chipewa cha masentimita 32 chimafuna bwalo lotambalala masentimita 10 kuchoka mbali ina kufika ina. Likafika apo lekani kuwonjezera, pitirizani mozungulira mpaka kutalika kufike masentimita 13. Chenjerani ndi mapatani a pa intaneti: chimene aku America amati double crochet, aku Britain amati treble, pomwe double crochet ya aku Britain ndi sitichi yaifupi. Mukasokoneza, chipewa chimatuluka theka la msinkhu wake.

Pa zinthu za makanda musaike mabatani, mikanda, timaliboni, zingwe zomangira pakhosi kapena kampira ka ulusi kapamwamba kaja. Zonsezi zimathothoka n'kulowa m'kamwa, apo ayi zimakola timachubu takuchipatala timene amalumikiza pa mwana. Maluko a mabowobowo nawonso asiyeni ngakhale amakongola, chifukwa kachala kakalowa m'bowo ulusi n'kuzungulira, magazi amatha kuleka kuyenda. Mwina mwaona pa Facebook timanyama ta m'nyanja ta miyendo isanu ndi itatu toluka ndi crochet, tomwe tinayambira ku Denmark mu 2013 kuti makanda azigwira miyendoyo m'malo mokoka machubu. Tili ndi malamulo okhwima, thonje lokhalokha ndipo mwendo ukakokedwa usapitirire masentimita 22, komanso si zipatala zonse zimatilandira. Musatiluke pokhapokha atakupemphani.

Mabulangete ndi amene amayenerera gulu, chifukwa aliyense amaluka tizidutswa ta makona anayi kunyumba kwake n'kudzalumikiza pamodzi. Bungwe la Knit-a-Square, lomwe linayamba mu 2008 kuthandiza ana amasiye ku South Africa, limagwiritsa ntchito tizidutswa ta masentimita 20 mbali zonse, ndipo 35 timapanga bulangete limodzi. Mukatiyala 5 m'lifupi ndi 7 m'litali mumapeza mita imodzi kwa masentimita 140, lokwanira mwana. Kachidutswa kamodzi ka DK kamadya magalamu pafupifupi 25 mpaka 30, ndiye bulangete lonse werengerani kilogalamu imodzi, mipukutu khumi ya magalamu 100. A crochet awonjezereko, chifukwa crochet imadya ulusi wambiri kuposa masingano.

Vuto lake ndi lodziwika: anthu khumi, manja khumi, tizidutswa tosiyana misinkhu. Mukakakamiza kusoka pamodzi ka masentimita 18 ndi ka 22, bulangete limakwinyika ngati lanyowa ndipo msoko umaduka pochapa koyamba. Mankhwala ake ndi kuluka mopingasa, kuyambira pakona. Yambani ndi masitichi atatu, lukani plain mizere yonse, kuwonjezera sitichi imodzi kumayambiriro kwa mzere uliwonse. Mbali imodzi ikakwana masentimita 20 pa tepi, yambani kuphatikiza awiri kumayambiriro kwa mzere uliwonse mpaka atsale atatu, tsekani. Apa kuwerenga masitichi kulibe, tepi ndiye akulamula, choncho wa manja olimba ndi wa manja ofewa amatulutsa msinkhu umodzi. Dulani katoni ka masentimita 20 mupatse aliyense aziyezerapo. Plain mizere yonse ndi wabwinonso chifukwa amagona fulati, pomwe luko la plain ndi purl mosinthana limapindika m'mbali ngati tsamba louma, wolumikiza n'kuvutika nalo. Musasakanize ubweya ndi acrylic m'bulangete limodzi, wina amachepa pochapa mnzake ali chomwecho.

Pomaliza kachidutswa siyani mchira wa ulusi wa theka la mita, udzasokere womwewo. Ulusi ukatha pakati, musamange mfundo n'kudula pafupi. Acrylic ndi woterera, mfundo imamasuka m'madzi, bowo n'kuyamba pomwepo. Siyani masentimita 15 mbali zonse, muupise ndi singano yaikulu m'kati mwa maluko masentimita asanu kupita uku, n'kubwereranso, kenako dulani. Olumikiza akhale awiri kapena atatu okha a manja ofanana, ndipo bulangete likatha alizungulize mizere iwiri ya crochet m'mphepete kuti lisatayike maonekedwe.

Musanapereke, chapani zonse ndi sopo wopanda fungo, muone ngati utoto ukusuluka, makamaka wofiira ndi wakuda. Ziume gwa musanazilongedze, chifukwa zonyowa pang'ono zikatsekeredwa m'pulasitiki zimachita nkhungu. Zonunkha utsi wa fodya kapena zokhala ndi ubweya wa mphaka kuwodi ya makanda sazilandira. Longedzani msinkhu uliwonse pawokha, ndipo pathumba lembani chiwerengero, msinkhu ndi mtundu wa ulusi, kuti namwino akafuna chipewa cha mwana wamng'ono kwambiri pakati pa usiku asakhuthule thumba lonse.