Za choikamo maluwa chija, Azakhali

Azakhali, mwaswera bwanji? Pepani ndachedwa kuyankha, uthenga wanu ndangouona kumene. Kulemba kunditengera nthawi, ndingolankhula. Mwafunsa kuti choikamo maluwa cha galasi chija, chimene mwachipeza m'katundu wa agogo, anachipanga ndani, komanso ngati ndi cha ku Murano, ku Italy, monga akunenera amalume.

Zithunzi zanu ziwiri ndaziona, koma zonse mwajambula m'mbali. Chokongola ndithu, buluu wopita kobiriwira uja ndi timizere tachikasu ngati mchenga. Koma mtundu wokha sungatiuze mwini wake. Nkhani yonse ili kunsi. Yalani thaulo patebulo, muchitembenuze pang'onopang'ono, kenako muunike ndi tochi ya foni. Osaunika molunjika ayi, tochiyo muigoneke chammbali kuti kuwala kudutse mopendekeka, pamenepo kakukandika kalikonse kamaoneka.

Choyamba yang'anani pakatikati. Wouzira galasi akafuna kukonza kukamwa kwa chinthu chotere, amachimata kunsi ndi ndodo yachitsulo chikadali chamoto, akamaliza n'kuthyola ndodoyo. Pamene yathyokapo pamatsala chipsera, amati pontil. Ena amachisiya chokhakhala, chala chimamva kukanda, ndiye musamale chingakuchekeni. Ena amachipala mpaka pamatsala kadzenje kozungulira kosalala bwinobwino. Mukachipeza, dziwani kuti chinadutsa m'manja mwa munthu. Mukapeza mzere wowongoka wochokera kukamwa mpaka pansi mbali zonse ziwiri, ndiye kuti chinatuluka m'chikombole, ndipo nthawi zambiri zotero zimakhala za fakitale.

Ndiye dzina. Anthu awa salemba ndi inki, amakanda pagalasipo ndi kachitsulo kosongoka, ndipo zolemba zawo zimakhala ngati za dokotala, kuwerenga kwake n'kovuta. Musaganize kuti ndi mikwingwirima chabe. Ikani kapepala kopyapyala pamwamba, mupakepake ndi pensulo mopepuka, nthawi zina zilembo zimatuluka. Mukaona manambala awiri pambali pa dzina, monga 74 kapena 81, kawirikawiri chimakhala chaka. Za ku Sweden, za Orrefors ndi Kosta, amalemba dzina la fakitale limodzi ndi zilembo ndi manambala osonyeza amene anajambula kapangidwe kake, ndiye zimenezo kuzilondola sikuvuta.

Za Murano zija, amalume asakhumudwe, koma dzina limeneli limangoikidwa pa galasi lililonse lamitundumitundu. Murano si munthu, si kampani imodzinso ayi, ndi tizilumba ta ku Venice komwe kuli ng'anjo zambirimbiri. Kampani ina ya kumeneko, Venini, imene inayamba mu 1921, inkadinda dzina lake kunsi ndi asidi, koma ambiri ankangomata sitika, sitikayo n'kuchoka pa kutsuka koyamba. Komanso magalasi ambiri olemera a ku Czechoslovakia, monga a fakitale ya Chřibská, anthu amawagulitsa ngati a Murano mpaka lero, ena mosadziwa, ena akudziwa.

Ine maso anga akundikokera kwina. Mitundu ya nyanja ndi mchenga imeneyo ikundikumbutsa kampani ya Mdina Glass ya ku Malta. Anaiyambitsa Michael Harris, Mngelezi, mu 1968, ndipo mitundu imeneyi ndi imene ankaikonda. Mu 1972 anachokako n'kukayambitsa ina pa chilumba cha Isle of Wight, ku England. Za Mdina zambiri zimakhala zokhuthala, zolemera kuposa mmene zikuonekera, ndipo kunsi pamakhala mawu oti Mdina olembedwa mothamanga moti anthu amawerenga mayina ena osiyanasiyana. Zina zili ndi sitika ya mtanda wa Malta. Za Isle of Wight zina anazidinda kachizindikiro kooneka ngati lawi la moto pomwe pali chipsera paja. Ndiye mukaona chimodzi mwa izi, tamaliza. Koma uku ndikungoganiza poona zithunzi ziwiri, musakauze anthu kuti mwana wa achimwene watsimikiza.

Kungathekenso kuti kunsi kulibe kalikonse. Zimachitika. Kuyambira 1962, pamene Harvey Littleton ndi Dominick Labino anaonetsa ku Toledo, ku Ohio, kuti galasi likhoza kusungunulidwa m'ng'anjo yaing'ono, anthu ambiri anayamba kupanga okhaokha, munthu mmodzi kapena awiri pa kashedi. Ena anagwira zaka zochepa n'kusiya, osalemba dzina paliponse. Ngakhale kampani ya Whitefriars ya ku England, yotchuka ija, imene inatsekedwa mu 1980, zambiri sinkazilemba, akatswiri amazizindikira poyerekeza ndi mabuku a katundu a kampaniyo, kuona maonekedwe, mtundu ndi kutalika. N'chifukwa chake ndikufunanso muyeso.

Chinanso, yang'anani m'mphepete mwa kunsiko, pamene chimakhudza tebulo. Chinthu chakale chimakhala ndi timikwingwirima ting'onoting'ono tosokonekera, topita uku ndi uko, chifukwa cha kusunthidwa zaka zambiri. Ngati timizereto tonse tikulowera kumodzi, pali wina anakhula ndi sandipepa kuti chioneke chakale. Koma poti ichi chachokera m'kabati ya agogo, zimenezo sindikuda nazo nkhawa.

Chonde musachitsuke ndi madzi otentha, galasi lokhuthala limang'aluka likatenthedwa mwadzidzidzi. Ndipo ngati pali kasitika, ngakhale kong'ambika, kakuda, kooneka ngati litsiro, musakachotse. Ine ndinachotsapo kamodzi pa kambale kena ndi chikhadabo, ndimvekere ndikuyeretsa, mpaka lero ndimadandaula.

Ndiye munditumizire izi: kunsi kawiri, china ndi tochi china popanda, kukamwa kuchokera pamwamba, ndi chimodzi mutachiimika pawindo kuti kuwala kudutse, tione timathovu ta mkati. Muikenso rula pambali. Ngati sikelo ilipo, muyezenso kulemera. Zikafika ndizitumiza ku magulu a osonkhanitsa magalasi a pa Facebook, kuli azigogo ena kumeneko amene amazindikira chinthu pongoona mmene kukamwa anakupindira. Komanso mufunse amayi anga ngati akukumbukira amene anawapatsa agogo, ndi chaka chake, mwina iwo angatifupikitsire ulendo. Basi, ndidikira zithunzizo.