Diso la Pat Summitt: yankho kwa aphunzitsi amene andilembera

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena achizimayi a pa sekondale. Ahedi awasenzetsa timu ya atsikana ya basiketibolo chifukwa ndi okhawo pasukulupo amene anasewerako ali ku koleji. Ana amabwera mochedwa kokonzekera, ena amangobwerera nthabwala. Achimwene awo anawatumizira kavidiyo ka Pat Summitt akutong'olera maso osewera ake, n'kuwauza kuti kochi weniweni ndi ameneyu. Ndiye akufunsa kuti: mayiyu anali ndani, nanga iwonso akhale aukali chotere kuti anawo aziwamva?

Madamu, achimwene anu sananame. Diso lija linalipodi, ndipo atsikana aatali ngati mlongoti ankazizira nalo nkhongono. Koma kavidiyo ka mphindi imodzi kakuonetsani denga lokha. Tiyeni tione kaye pomwe nyumbayo inakhazikika.

Pat anabadwa mu 1952 ku Clarksville, m'chigawo cha Tennessee ku America, dzina lake la kwawo lili Patricia Head. Anakulira pafamu ya ng'ombe za mkaka ndi fodya, kotero ntchito ya m'munda ankaidziwa ngati mmene amaidziwira mwana wa mlimi aliyense. Mpira anauphunzirira m'khola losungira udzu, akulimbana ndi alongo ake atatu. Bambo ake, a Richard, anali munthu wouma pakamwa, wosadziwa kuyamikira mwana. Komabe ataona kuti sukulu ya m'dera lawo ilibe timu ya atsikana, anasamutsa banja lonse kupita ku Henrietta kuti mwana wawo wamkazi asewere. Bambo yemweyo, wankhanza ndi wodzipereka nthawi imodzi. Muwasunge m'mutu, tibwereranso kwa iwo.

Masiku amenewo atsikana a kusekondale ku Tennessee ankasewera 6 mbali iliyonse, atatu kutsogolo atatu kumbuyo, osaloledwa kudutsa mzere wapakati, ati thupi la mtsikana silingathe kuthamanga bwalo lonse. Ife a kuno tikamva zimenezi tingoti ndi ntchemberembaye basi, ndipo sitikhala patali ndi choona, chifukwa netibolo inaphuka kuchokera ku basiketibolo ya akazi yoyambirira. Ku University of Tennessee at Martin komwe anakaphunzira, alongo ake akanalipiriridwa fizi chifukwa cha masewera, koma iye makolo anachita kutulutsa za m'thumba. Akazi panalibe chowapatsa.

Ntchito ya ukochi anaipeza ngati mmene mwaipezera inu. Mu 1974, ali ndi zaka 22, anapita ku University of Tennessee ku Knoxville akuyembekezera kukhala wothandizira chabe. Kochi wamkulu anachoka mwadzidzidzi, timu n'kumugwera m'manja. Osewera ena ankasiyana naye chaka chimodzi chokha. Malipiro anali madola 250 pamwezi. Galimoto yonyamula timu ankayendetsa yekha, mayunifolomu ankachapa yekha, ndipo mayunifolomuwo anagulidwa ndi ndalama zogulitsa madonasi. Masewero ake oyamba anagonja kwa Mercer ndi pointi imodzi, 84 kwa 83. Nthawi yomweyo iye mwini anali akulimbitsa bondo lomwe anavulala, ndipo mu 1976 anasewera pa Olimpiki ya ku Montreal n'kubwerako ndi mendulo ya siliva.

Apa ndi pomwe ndikufuna muimepo pang'ono. Chikho choyamba cha makoleji a dziko lonse la America anachitenga mu 1987, atagonjetsa Louisiana Tech 67 kwa 44. Werengani kuchokera 1974. Ndi zaka 13 zimenezo. Mendulo ya golide ya Olimpiki ya 1984 ku Los Angeles, ali kochi wa timu ya dziko, inabwera chikho cha makoleji chisanabwere. Kangapo konse ankafika m'ndime zomaliza n'kubwerera chimanjamanja. Diso lija anali nalo kale zaka zonsezo, koma silinkamwetsa zigoli. Zikho zitayamba kubwera zinabwera motsatizana: 1989, 1991, kenaka zitatu zondondozana kuyambira 1996 mpaka 1998, ndiye 2007 ndi 2008 mu nthawi ya wosewera wake Candace Parker. Timu ya 1998, ya Chamique Holdsclaw ndi Tamika Catchings, inapambana masewero onse 39. Ine komabe imene ndimaikonda ndi ya 1997, yomwe inagonja ka 10 m'chaka chimodzi, anthu n'kuitaya, koma n'kukatenga chikho.

Tsono za ukali. Sindikubisirani, zina zimene ankachita ine sindingazivomereze. Pali nkhani yotchuka yoti timu itasewera mwaulesi n'kugonja, atangofika kunyumba anaiveka mayunifolomu omwewo, onunkha thukuta, n'kuilowetsanso m'bwalo. Inu mukayesa zimenezo ndi ana a Fomu 2, mawa lake makolo adzakhala ali mu ofesi ya ahedi, ndipo adzakhala akulondola. Kumbukiraninso kuti atsikana a Pat anachita kusankha okha kupita kwa iye, akudziwa chomwe akukakumana nacho. Anu abwera chifukwa belu lalira.

Lamulo lake lomwe ndingakubwerekeni ndi la m'kalasi. Wosewera aliyense ankayenera kukhala m'mizere itatu yakutsogolo, ndipo wojomba kalasi sankasewera, kaya akhale katswiri wotani. Zotsatira zake ndi zakuti aliyense amene anamaliza zaka zake zosewera pansi pa Pat anatenga digiri. Lamulo ngati limeneli silifuna kukuwa. Limangofuna kuti tsiku lomwe mwana wanu wodalirika wathawa phunziro la masamu, mawa lake kuli masewero aakulu, mumukhazike pabenchi mtima ukukupwetekani. Ana ena onse amakhala akuyang'ana kuti aone ngati mutero.

Za kuuma mtima kwake pa mpikisano, imvani iyi. Mu 1990, ali ndi pakati potopa, anakwera ndege kupita ku Pennsylvania kukanyengerera mtsikana wina, Michelle Marciniak, kuti adzasewere ku Tennessee. Matenda anamuyamba ali m'nyumba ya makolo a mtsikanayo. Pobwerera woyendetsa ndege anafuna kutera ku Virginia kuti athamangire kuchipatala, koma Pat anakanitsitsa, poti timu ya Virginia ndi yomwe inali itamuchotsa mu mpikisano chaka chomwecho. Mwana wake Tyler anakabadwira ku Tennessee. Ndimaseka ndikaikumbukira, ngakhale mzamba aliyense angamukalipire. Marciniak uja anadzaseweradi ku Tennessee pambuyo pake, n'kukhala mmodzi wa otenga chikho cha 1996.

Chikho cha 1996 chomwecho ndi chimene chikutibwezera kwa bambo aja. Pat mwini ankanena kuti bambo ake anamukumbatira koyamba iye ali ndi zaka 43, atapambana chikho chimenecho. Munthu woleredwa chotero amadziwa kuwawa kwake, ndipo osewera ake ambiri amasimba za mbali ina yomwe makamera sankaijambula: ankawaitanira kunyumba kwake n'kuwaphikira yekha, ndipo ankawaimbirabe foni patapita zaka atachoka. Ambiri anadzakhala makochi, monga Kara Lawson wa ku yunivesite ya Duke. Ndiye poyankha funso lanu, Madamu, ine ndikuti ayi, musayambire pa diso. Fikani pabwalo ana asanafike, mupope nokha mpira, mudziwe amene wabwera osadya ndi amene akulephera Chingerezi. Mukadzakwiya pambuyo pake, adzadziwa kuti wakwiya ndani.

Anakhala pa mpando umodzi zaka 38, napambana masewero 1,098 n'kugonja 208. Mu Ogasiti 2011, ali ndi zaka 59, analengeza yekha kuti madokotala amupeza ndi matenda a Alzheimer's, aja ofafaniza chikumbumtima cha zinthu mpaka munthu kuiwala mayina a abale ake. Anatsogolerabe timu chaka china chimodzi, othandizira ake atamuzungulira. Anamwalira pa 28 Juni 2016. Pa tsiku lotula pansi udindo mu Epulo 2012, pamaso pa atolankhani, anatenga wezulo yake n'kuipereka kwa Holly Warlick, yemwe anali atakhala womuthandizira kwa zaka zoposa 25. Warlick anali mmodzi wa atsikana ake a m'zaka za m'ma 1970, aja ankakwera galimoto ija.