Funsani Aphunzitsi: Ana Anga Salemba Passive Voice

FUNSO: Ndimaphunzitsa Chingerezi mu Sitandade 7 kuno ku Ntcheu. Ndikalemba pa bolodi "John kicked the ball", ana onse amatembenuza bwinobwino kuti "The ball was kicked by John". Koma akamalemba nkhani zawozawo, passive voice simuipeza olo kamodzi. Ndikuphonya pati? — Mphunzitsi, Ntcheu

YANKHO: Aphunzitsi, ine ndikuloza chala John ndi mpira wakeyo. Kodi munamvapo munthu, ngakhale wobadwira ku London, akuyankhula choncho pocheza? Chiganizo chotere chimangokhala pa bolodi. Mwana amachiloweza, belu likalira n'kuchisiya m'kalasi momwemo, chifukwa sakuona pomwe angachigwiritse ntchito.

Passive imafunika pamene wochita chinthucho sitikumudziwa, kapena tilibe naye ntchito. Ana anu amachita kale zimenezi tsiku lililonse: njinga yabedwa, mbuzi yagulitsidwa, wakuba wagwidwa. Yambirani pomwepo. "My bicycle was stolen." "The thief was arrested." "I was born in Ntcheu." Taonani kuti mulibe "by" m'ziganizo zitatuzi. Wakuba njinga tikadamudziwa, bwenzi tikudandaula?

Ndiye sankhani maverebu amene amakonda kuyenda ndi passive: stolen, born, built, sold, arrested, elected, postponed. Kick, eat ndi drink asiyeni kaye, ndi amene amabala zinthu ngati "Nsima is being eaten by me". Galamala yake ndi yolondola, inde, koma ine ndikaiona mu kope la mwana mutu umandiwawa.

Mayina a zinthu atengeni pakhomo. Inu muli ndi mwayi, Tsangano ndi Lizulu zili pafupi: "Potatoes are grown at Tsangano and sold at Lizulu." Afunseni momwe njerwa zimapangidwira, kuyambira pa chikombole mpaka pa uvuni, ndipo passive idzatuluka yokha: "The bricks are moulded, dried and burnt." Mbiri nayo imathandiza: "The capital was moved from Zomba to Lilongwe in 1975."

Chinanso, musasenzetse mwana katundu muwiri nthawi imodzi. Tsiku lophunzitsa lamulo latsopano, mawu onse akhale oti akuwadziwa kale. Mukaponyamo "confiscated" pofuna kuti phunziro lioneke lapamwamba, theka la nthawi lithera pofotokoza liwulo, "was" ndi "were" n'kuiwalika.

Kutembenuza ziganizo kuja musakutaye, poti chaka chamawa anawa akumana ndi mayeso a MANEB a Sitandade 8. Kungoti kuzibwera kumapeto, tanthauzo atalimva kale. Sabata ino auzeni amvetsere nkhani za m'Chingerezi pa wailesi ya MBC, aliyense abweretse chiganizo chimodzi cha passive chimene wamva. Zilembeni pa bolodi, kenako mufunse chimodzichimodzi: wachita ndani, ndipo n'chifukwa chiyani wowerenga nkhani sanamutchule?