Funsani Aphunzitsi: Lembetso m'kalasi yodzaza

Funso: Ndimaphunzitsa Chichewa mu Sitandade 3 pasukulu ina kufupi ndi Benga, m'boma la Nkhotakota. Ana ndili nawo oposa 100. Lachisanu lililonse ndimawapatsa lembetso la mawu 20, koma ambiri sakhoza ngakhale theka, ndipo makope amangounjikana patebulo osachongedwa. Kodi ndingolisiya?
Mphunzitsi, Benga

Yankho: Musalisiye aphunzitsi, koma lichepetseni. Mawu 20 kamodzi pa sabata ndi mayeso chabe. Mwana amangoona zokhwatcha zofiira patapita masiku, ataiwala kale zimene analemba. Chitani lembetso la mphindi 10, katatu pa sabata: mawu asanu ndi chiganizo chimodzi chachifupi. Mawuwo akhale amene anawawerenga kale m'buku sabata yomweyo. Mawu achilendo, mwana amangolota.

Imani malo amodzi, nkhope kwa ana, osayendayenda, pakuti a kumbuyo amathandizidwa poona milomo yanu. Werengani katatu. Koyamba mapensulo akhale pansi, angomvetsera. Kachiwiri werengani modukiza, mawu awiri kapena atatu, n'kudikira mpaka mitu yambiri itadzuka. Tchulani ndi zizindikiro zomwe: mpumiro, mpatuliro, mfunsiro. Kachitatu werengani monga timayankhulira, iwo akuona ngati sanadumphe kanthu. Musabwereze kachinayi chifukwa wina wakuwa kuti sanamve. Akazolowera kuti mubwereza, koyambako samvetsera.

Tsono nkhani yagona pa kasankhidwe ka mawu. Musatole mawu mwachisawawa; tsiku lililonse likhale ndi vuto limodzi lomwe mukulisaka. Lofala kwambiri ndi la h wa mpweya. Mwana amalemba pala pofuna kunena phala, kola m'malo mwa khola. Musanalembetse, aliyense agwire kapepala pafupi ndi milomo n'kutchula mawu awiriwo. Pa phala kapepala kagwedezeka, pa pala ayi. Akatero, h uja amamuona ndi maso. Tsiku lina tengani nkhodolero: ng'oma yovinira ndi ngoma ya kutchire si chimodzi, ndipo ana a kufupi ndi mtsinje wa Bua kapena dziwe la Chia sangavutike kumva chiganizo chonena za ng'ona. Lina likhale la l ndi r. Lamulo lake n'lakuti r amatsata i kapena e, monga mu lira ndi bwera, pamene l amatsata a, o ndi u, monga mu mbale, bola ndi gula. Pakamwa anthu sasiyanitsa kwenikweni, n'chifukwa chake khutu lokha silithandiza apa, lamulolo liphunzitsidwe. Palinso kuphatikiza ndi kulekanitsa: timalemba kunyanja, kumsika, koma ku Dwangwa, ku Salima, dzina la malo likuyamba ndi lembo lalikulu.

Chiganizo chimodzi chikhoza kunyamula zingapo mwa izi popanda kutalika: "Agogo apita ku Chia kukagula chambo." Koma mu Sitandade 3 musachulutse misampha, iwiri yakwana.

Za kuchonga, musadziphe nazo. Mukangomaliza, lembani mawu olondola pabolodi, phatikizo ndi phatikizo, ana akutchula nanu. Aliyense azungulize pamene walakwitsa n'kulemba zolondola pambali, osafufuta cholakwikacho, chifukwa inu mukufuna kuchiona. Kusinthana makope kuli bwino, ngakhale kuti anzawo apamtima amakhululukirana, choncho muzisintha osinthana nawo. Inu tengani makope 15 okha, mzere wina lero, wina mawa. Poyang'ana musawerenge malikisi. Werengani kuti ndi angati asiya h, ndi angati aiwala mpumiro. Chomwe chachuluka ndicho phunziro lanu lotsatira. Ndipo zija zolembetsa mawu olakwika ka 20 ngati chilango zisiyeni. Kawiri kapena katatu, akutchula, n'kokwanira.

Funso: Nanga lembetso la Chingerezi? Ana anga a Sitandade 5 amawonjezera malembo kumapeto kwa mawu, ndipo amatopa nalo msanga.
Mayi mphunzitsi, Chipoka, Salima

Yankho: Sikuti ndi ana ogona ayi, madamu. M'Chichewa mawu amathera ndi lembo la liwu, ndiye mwana akamva desk khutu lake limamuuza kuti desiki, ndipo amalemba zomwezo. Nthawi zina gwero lake ndi ife aphunzitsi, tikamakoka mawu pofuna kuti amveke bwino n'kuikapo i wathu kumapeto. Tchulani mawuwo mwachidule, muwadule pamene athera. Chichewa chilinso ndi malembo a liwu asanu okha, choncho ship ndi sheep zimamveka chimodzimodzi, monganso play ndi pray chifukwa cha l ndi r. Mawu otere musawalembetse paokha. Aikeni m'chiganizo kuti tanthauzo limuthandize mwana kusankha.

Pa za kutopa, yesani lembetso lothamanga. Lembani ziganizo zinayi pamapepala angapo, muwamate panja, pakhoma kapena pamitengo ya mango, mapazi 20 kuchokera pamene ana akhala. Agaweni m'magulu a anthu asanu. Mmodzi athamange, awerenge, asunge m'mutu, abwere kudzauza wolemba. Chiganizo chikatha asinthane ntchito. Wothamanga asanyamule pensulo ndipo asakuwe ali kupepala, apo ayi phunziro lisanduka msika wa nsomba. Kunyanja kuno miyezi ya Okutobala ndi Novembala dzuwa limaswa mtengo, ndiye muchite m'mawa. Mapepala amatidwe pa msinkhu wa maso a ana, gulu lililonse ndi pepala lake, kuti asaunjikane pamalo amodzi.