Funsani Azakhali: Ndikudwazika mwamuna amene anandithawa

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Balaka. Amuna anga anapita ku Joni mu 2016 kukasaka maganyu. Poyamba ankatumiza ndalama, mpaka tinagula malata n'kufolera nyumba. Kenako foni inayamba kumangoitana osayankhidwa. Anyamata obwera pa Khirisimasi ndi amene anandiuza kuti ali ndi mkazi wina ku Johannesburg komweko, ndipo kuli mwana. Ine ndinatsala ndi fizi, feteleza ndi ngongole ya banki m'khonde. Ndinkakazinga mandasi usiku, kukacha ndili nawo pamsewu.

Chaka chatha anzawo anabwera nawo pa basi atafa ziwalo mbali ya kumanja, pakamwa patapotoka. Akuti ndi sitiroko. Katundu yense amene anatsika naye ndi chikwama chimodzi ndi bulangete. Mkazi uja ngakhale kuimba foni, ayi. Apongozi anabwera, anawayang'ana, n'kundiuza kuti, "Mkazi wake ndiwe, banja ndi kupirira." Tsiku lomwelo anabwerera kwawo.

Ndiye wowasambitsa ndine, wowamwetsa phala ndine, wochapa zofunda akadziipitsira ndine. Phala likatentha pang'ono amakankha mbale ndi dzanja labwinolo n'kundiyang'ana ngati ndine ndinawalodza. Pali masiku ena, Azakhali, ndikamawapukuta kumsana ndimati akanangofera konko. Koma akatsokomola usiku ndimadzambatuka mtima uli m'mwamba, ndipo tsiku lina atayesa kutchula dzina langa ndinakalirira kuseri kwa bafa. Mwana wanga woyamba sawalankhula n'komwe. Kutchalitchi ndimaimba kwaya, koma ndimadziona wachinyengo. Kodi mtima wangawu si wa ufiti? Nanga ndipirire mpaka liti?

Wotopa, Balaka


Mwana wanga,

Mfiti sidzuka pakati pa usiku kukamvetsera ngati wodwala akupuma. Mawu oti "akanangofa" ndawamvapo kwa amayi ambiri odwazika matenda, ena a iwo amuna awo sanawalakwirepo kalikonse. Amachokera m'thupi losagona tulo. Inu ndiye muli ndi chifukwa china pamwamba pake, chifukwa bambowa anakulakwirani ndithu, ndipo matenda sanafufute mlanduwo. Kuti mumawakondabe sindikudabwa, mwabereka nawo ana atatu. Chimene ndikufuna muchiyang'anire ndi manja anu. Tsiku limene mudzaone kuti dzanja likufuna kuwamenya, kapena mukufuna kuwamana chakudya kaya mankhwala, tulukani panja, itanani munthu wina alowe. Pamenepo kutopa kwafika poopsa kwa nonse awiri.

Tibwere kwa apongozi anu. Mawu oti banja ndi kupirira ndawamva m'zilangizo zambiri, ndipo nthawi zonse amene amauzidwa ndi wovala chitenje. Chondipweteka pa nkhani yanuyi n'choti owanenawo anawanena akunyamuka. Pamwambo wathu, mkamwini akadwala kwambiri abale ake amauzidwa ndipo amabwera kudzadwazika, mwinanso amamutenga kupita naye kwawo. Nthawi imene ndalama za ku Joni zinkabwera sindikukhulupirira kuti njira ya kwanu ankaiiwala chonchi.

Choncho itanitsani ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Ntchito yawo sinathere pa kupatsana tambala ndi msoti tsiku la chinkhoswe lija. Pabwalopo musakalire kuti mwatopa basi, chifukwa akakupepesani n'kubalalika. Mukatchule zinthu ndi mayina ake. Alamu anu aamuna azibwera masiku akutiakuti kudzawasambitsa ndi kuwanyamula, popeza msana wanu ukathyoka ana atsala opanda wowadyetsa. Sopo, thumba la chimanga ndi ndalama ya galimoto ya kuchipatala zizichokera kwawo, ndipo anene poyera kuti abweretsa ndani, liti. Akazemba, nkhaniyo ipite kwa amfumu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga ili ndi lawonso.

Pabwalo lomwelo nkhani ya mkazi wa ku Joni inenedwe, bambowo ali pomwepo. Anthu adzati musavutitse wodwala. Koma ambiri odwala sitiroko amamva bwinobwino ngakhale lilime likukanika. Simukupita kukawazazira. Mukungofuna kuti zaka zimene munavutika nokha zitchulidwe pamaso pa anthu, chifukwa pakali pano aliyense akuchita ngati bambowa anangopita kumsika n'kubwerako. Za kukhululuka musakakamizidwe ndi munthu, kaya abusa kaya amayi a chigwirizano. Ngati kudzabwere, kudzabwera nkhaniyo itanenedwa.

Kukankha mbale kuja musakuwerenge konse ngati chipongwe. Sitiroko imavulaza ubongo, ndipo ena imawasiya akupsa mtima msanga kapena kulira popanda chifukwa. Kumeza nakonso kumavuta, ndiye powadyetsa muziwakhazika tsonga, phala likhale lofunda chabe, pang'onopang'ono. Ngati sakutha kudzitembenuza, azitembenuzidwa maola awiri aliwonse kuti asatuluke zilonda m'matako ndi m'chiuno. Ichi chokha chikukuonetsani kuti munthu mmodzi sangathe. Ngati anawapeza ndi BP, mankhwala asadumphe tsiku, chifukwa kuthamanga kwa magazi ndi kumene kawirikawiri kumabweretsa sitiroko yachiwiri. M'kalata mwanu simunatchule za mafizo, masewera olimbitsa ziwalo zofooka amene achipatala amaphunzitsa. Kafunseni ku chipatala cha boma ku Balaka konko, ndipo mufunsenso ngati angakutumizeni ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre, kumene amaphunzitsa anthu otere kuyenda ndi kudzithandiza. Miyezi yoyambirira ndi imene thupi limabwerera msanga, komabe ngakhale pano munthu atha kuphunzira kudya ndi dzanja lamanzere ndi kudzikhalira pa ndowa. Chilichonse chimene angadzichitire ndi katundu wotsika pamutu panu. Muli komweko, nonse awiri mukayezetse magazi. Anakhala ndi mkazi wina zaka zambiri, palibe chochitira manyazi. Inunso muwauze anamwino kuti simukugona ndiponso maganizo akukuchulukirani, asangoona wodwala yekha.

Pali china chimene simunafunse. Nyumba ya malatayo idzabweretsa anthu amene lero sakuoneka. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika mkazi ndi ana patsogolo, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Koma dziwiranitu kuti lamulo silisankha ana, wa ku Joni uja naye ali ndi gawo pa chuma cha bambo ake. Zimawawa, komabe mwanayo sanasankhe kobadwira. Sungani malisiti ndi buku la banki m'khonde, zikhale umboni wa zimene munaika panyumbapo ndi thukuta lanu. Mukadzaganiza zothetsa banja, ukwati wa pa ankhoswe ndi wovomerezeka pa lamulo la maukwati la 2015, ndipo khoti la majisitireti limatha kuuthetsa ndi kugawa katundu. A Legal Aid Bureau alipo kuthandiza anthu osowa ndalama ya loya.

Mwana wanu woyamba musiyeni kaye. Anakuonani mukukazinga mandasi anzake ali m'tulo, mkwiyo wake ndi wake. Mungamupemphe kutunga madzi kapena kuwaza nkhuni, koma musamukankhire m'chipinda kuti akati "adadi mwadzuka bwanji" mtima usakufuna. Kwaya musasiye. Tsiku la pulakatisi likhale limodzi mwa masiku a alamu anu.

Mwafunsa kuti mpaka liti. Kupirira kwa nokhanokhaku kuthe mwezi uno, ankhoswe akakhala pansi. Muwapatse nthawi yodziwika, tinene mpaka pokolola. Nthawiyo ikakwana iwo osaoneka, dziwitsani amfumu ndi ankhoswe anu, pezani galimoto, muwaperekeze bambowa kwa mayi awo pamodzi ndi mankhwala ndi buku lawo la kuchipatala. Muzipita kukawaona ndi ana mmene mtima wanu ungalolere. Anthu adzalankhula pa mjigo, ndipo olankhula kwambiri adzakhala amene sanachapepo bulangete lija ngakhale kamodzi.

Azakhali