Funsani Anti Nabanda: fudge ya chokoleti ndi lalanje mu microwave

FUNSO: Anti Nabanda moni. Alamu anga atabwera ku tchuthi kuchokera ku UK anatibweretsera chokoleti chozungulira chija cha Terry's, chokoma lalanje, ana mpaka pano sachiiwala. Nde pa birthday ya mwana wanga wamkazi ndinati ndipange fudge, switi yofewa ija yodula tizidutswa, ya kakomedwe komweko mu microwave poti uvuni wanga unafa kalekale. Ndinasungunula chokoleti pachokha mamineti 4 pa high, nkufinyiramo malalanje awiri, kenako mkaka wa kondensi. Anti, zinatuluka ngati nsima ya mibulu, kafungo kopserera, zagona mu filiji usiku onse koma osalimba. Ndinalakwitsa pati? Mayi a Tadala, Area 49

YANKHO: Mayi a Tadala pepani kaye ndi chokoleticho, mmene zinthu zakwereramu kutaya masilabu angapo si nkhani yoseka ayi. Koma vuto si microwave yanu, mwaphonya malo awiri basi.

Poyamba ndi mamineti 4 aja. Chokoleti sichifuna moto wambiri, mafuta ake amasungunuka cha m'ma digiri 34, nchifukwa chake chimasungunuka mkamwa olo m'thumba la malaya, nde mukachipyoletsa madigiri 50 chimayamba kuwonongeka kenako kupsa. Ndipo mu microwave chokoleti chimapusitsa anthu heavy, mukasuzumira pagalasi paja mumaona tizidutswa tili chikhalire ndi makona ake, inu mumati sichinayambe nkuwonjezera nthawi, chonsecho mkati chasungunuka kale chikungodikira supuni ichikhudze. Komanso microwave siitenthetsa mofanana paliponse, pali malo ena imamenya kwambiri, mbale yam'kati ija imazungulira pa chifukwa chomwecho, nde mukapanda kutakasa pamalo amodzi pamapsa kwina kusanafunde nkomwe. Kafungo munamva kaja kanachokera pamenepo.

Chachiwiri ndi madzi a malalanje. Chokoleti chosungunuka pachokha ndi madzi pang'ono sizionana. Mkati mwake muli timibulu ta shuga ndi koko touma tosambira m'mafuta, madzi akangogwera pang'ono shuga uja amanyowa nkuyamba kumatana, pompo zonse zimagwirana kukhala zibuma. Olo supuni yonyowa kapena bakuli losapukuta bwino limapanga zomwezo. Kenako madzi a malalanje awiri ndi ambiri, fudge yamtundu uwu imalimba chifukwa cha mafuta a chokoleti akazizira, mukaisukulutsa nde kuti yatha, olo igone mu filiji mpaka Khisimisi.

Kukoma mukufuna kuja sikuli m'madzi, kuli pakhungu. Tengani lalanje mulikande ndi chikhadabo nkununkhiza chala, ameneyo ndi mafuta a lalanje, ndipo Terry's yomweyo, imene anayamba kupanga mumzinda wa York ku UK mu 1932, amathira mafuta amenewa osati juwisi. Nde inu tsukani lalanje bwinobwino ndi madzi ofunda, makamaka aja onyezimira a mu shopu ochokera ku Joni poti amawapaka phula kuti asafote, lipukuteni liume, nkulipala pa gireta mbali ya timabowo ting'onoting'ono ija. Palani pamwamba pokha. Mukangoona choyera chayamba kuoneka tembenuzani, choyeracho nchowawa ndipo chimawononga fudge yonse. Malalanje athu apamsika wa Lizulu olo kwa Wakawaka musawanyoze chifukwa ndi obiriwira, kuno usiku sikuzizira mokwana kuti khungu lisinthe mtundu koma mkati anapsa, ndipo kwa ine fungo lake limaposa aja a mu shopu. Nyengo ya manachesi a ku Mwanza nawonso amachita bwino, kungoti khungu lake ndi lopyapyala limavuta kupala, palani nachesi lisanasendedwe.

Tsono kapangidwe kake. Chitini chimodzi cha kondensi, chija cha magalamu 385, ena amalemba 397, nzofanana. Chokoleti chakuda magalamu 400, ngati Bournville. Mukafuna cha mkaka ngati Dairy Milk wonjezerani chifike 450 olo 500 poti chimenecho nchofewa komanso chotsekemera kale, ine ndimakonda kuphatikiza theka chakuda theka cha mkaka chifukwa ana chakuda chokhachokha amakwinya nkhope. Batala supuni yaikulu imodzi ndi theka, khungu lopala la lalanje limodzi lalikulu kapena awiri aang'ono, ndi kamchere kotsina ndi zala.

Yambani mwayala baking paper mu thireyi ya masentimita 20 mbali zonse, pepala lituluke m'mbali kuti muzagwire pozula, izi zichitike musanayatse chilichonse chifukwa fudge ikapsa siidikira munthu. Thyolani chokoleti tizidutswa, ikani m'bakuli lagalasi louma limodzi ndi kondensi ndi batala, zonse nthawi imodzi, osati chokoleti pachokha. Microwave pa medium mineti imodzi, tulutsani, takasani olo zikuoneka ngati palibe chachitika. Bwezerani masekondi 30, takasani, ena 30, takasani. Microwave zambiri za m'makomomu ndi za mawatsi 700 mpaka 900, zalembedwa kumbuyo kapena pachitseko, nde nthawi yonse siimapyola mamineti 2 olo 3. Mukaona kwatsala tizidutswa tiwiri titatu tosasungunuka osabwezeranso, ingotakasani kutentha kwa m'bakulimo kumalizitsa kokha. Ikakhala yosalala, yonyezimira, yolemera kusupuni ndipo ikuyamba kusiya m'mbali mwa bakuli, thirani khungu la lalanje ndi mchere, takasani, khuthulirani mu thireyi nkusalaza ndi kumsana kwa supuni. Isiyeni panja izizire kaye kenako filiji maola atatu kapena anayi. Podula viikani mpeni m'madzi otentha nkupukuta, magawo 6 uku 6 uku, mupeza zidutswa 36.

Ngati mukufuna lalanje limveke mpaka kwa aneba, kuli orange essence ku mashelefu a zophikira makeke, theka la tiyisupuni ndi lokwana, mukapyoletsa imayamba kumveka mankhwala.

Zija zinakanika zija ngati zikadali mu filiji ndipo sizinapserere kwambiri musataye, thirani mkaka wotentha supuni imodzi imodzi mukutakasa mwamphamvu zimasuka, sizikhalanso fudge koma sosi wothira pa keke olo pa nthochi. Ngati zikuwawa kupserera nde basi palibe mankhwala.

FUNSO: Anti ine chokoleti magalamu 400 sindingakwanitse, ndi ndalama ya ndiwo za sabata imeneyo. Koko wa m'paketi sangagwire? Nachisale, Kawale 2

YANKHO: Amagwira mwanawe, ndipo iyi nde yachangu kuposa ija. Shuga wa icing magalamu 500, koko theka la kapu, majarini kapena batala magalamu 125, ndi zamadzi supuni zazikulu 4. Sefani icing ndi koko limodzi m'bakuli, osadumpha kusefaku chifukwa zibuma za icing sizitha ndi kutakasa, ikani majarini pamwamba, thirani zamadzi zija, microwave pa high mamineti awiri osatakasa, mukatulutsa nde mutakase ndi mphamvu mpaka isalale, khungu la lalanje, thireyi, filiji.

Apa pokha nde ndikulolani madzi a lalanje, poti mulibe chokoleti choti chigwirane. Supuni 4 zija zitha kukhala mkaka kapena madzi a lalanje osefa, koma sankhani chimodzi, mukaphatikiza mkaka umadukaduka. Majarini akhale aja olimba a njerwa ophikira makeke, aja ofewa a m'kontena opaka pa buledi ali ndi madzi ambiri fudge yake imakhala phala. Koko akhale koko weniweni wowawa uja, Milo ayi, muli kale shuga ndi mkaka simumva chokoleti. Ndipo musati mulowetse shuga wathu wa tiyi wa bulawuni m'malo mwa icing, mamineti awiri sangasungunuke muzingomva mchenga m'mano. Ena amagaya shuga woyera mu blender nkusefa, zimathekako ndithu koma kusalala kwake sikufika pa wa mu shopu.

Ndisakunamizeni, iyi imatsekemera kwambiri ndipo siisungunuka mkamwa ngati ya chokoleti. Mtedza wokazinga wosinjasinja pang'ono, chalimbana olo CG7, umathandiza kuchepetsa kutsekemerako komanso zidutswa zimachuluka.

FUNSO: Anti, madam anapita kumudzi nde ndimafuna ndiwadabwitse pobwera. Ndinatsegula chitini cha kondensi nkuchiika mu microwave kuti mkaka ufewe, munayamba kuthetheka moto ngati kuwotcherera. Yafa? Bambo wina, Area 25

YANKHO: Kkkk achimwene mwawadabwitsadi. Zitsulo mu microwave ayi, chitini, foyilo, pepala lonyezimira lokutira chokoleti, mbale za enamel zija, olo mbale zadothi zokhala ndi mzere wagolide m'mbali, zonsezo zimathetheka. Ngati munazimitsa msanga mwina ili bwino, ikani kapu yagalasi ya madzi mineti imodzi muone ngati atenthe popanda phokoso lachilendo. Ikathethekanso mulibe chitsulo, kapena mukaona kakhadi kam'mbali mkatimo kapserera, itengereni kwa okonza, musaitsegule nokha kumbuyo chifukwa imasunga magetsi oopsa olo mutaizula kusoketi. Kondensi safuna kufewetsa, ingokhuthulirani m'bakuli. Ndipo makontena a ayisikilimu olo a majarini musaphikiremo fudge, zashuga zimatentha kwambiri pulasitiki yake imapindika.

FUNSO: Anti ndimagulitsa mandasi ndi ma cupcake ku ofesi ku City Centre, ndikufuna ndiwonjezere fudge. Ndinayesa kunyamula m'lanchi bokosi, pofika 10 koloko inali itamatana yonse. Pali njira? Komanso imakhala masiku angati? Chifundo, Chilinde

YANKHO: Asisi, mwezi wa Okutobala kuno masana kumafika madigiri 30 nkupyola, mu minibus nde musanene, pomwe mafuta a chokoleti amayamba kufewa asanafike nkomwe pa 34 paja, nde fudge ya kondensi ndi chokoleti ndi ya filiji kapena ya mwezi wa Juni. Mukaumirira imeneyo gwiritsani chokoleti chakuda chokhachokha, lekanitsani mizere ndi baking paper, ndipo muike mu cooler box ndi botolo la madzi oundana lokuta ndi kansalu kuti thukuta lake lisadonthere. Cooking chocolate ija yotchipa imapirirako kutentha poti amapangira mafuta ena osati a koko, kungoti imasiya kamafuta kumtunda kwa mkamwa, makasitomala ena amadziwa.

Koma ya bizinesi yeniyeni ndi fudge yowiritsa, imeneyo imalimba ndi shuga osati ndi kuzizira nde imakhala patebulo tsiku lonse osadandaula. Chitini cha kondensi, shuga woyera wosalala uja wa castor makapu awiri, batala magalamu 125, koko supuni zazikulu zitatu. Bakuli likhale lagalasi komanso lalikulu zedi, zinthuzo zisapyole gawo limodzi mwa magawo atatu, chifukwa ikawira imakwera mofulumira ndipo ikasefukira mu microwave mukolopa mpaka mawa. Pa high, kutulutsa nkutakasa mamineti awiri alionse, zonse pamodzi zimatenga mamineti 10 olo 12 kutengera mphamvu ya microwave yanu, nde osadalira wotchi yokha. Ikani kapu ya madzi ozizira pambali, donthezanimo pang'ono, ngati zikusungunuka m'madzimo sinapse, ngati mukutha kutola nkuumba kampira kofewa ndi zala nde yafika, amene muli ndi thermometer ndi madigiri 112 mpaka 116. Chonde osalawa ndi chala, imeneyo ndi yotentha kuposa madzi owira ndipo imamata pakhungu, ana akhale kutali, bakuli gwirani ndi nsalu youma.

Ikafika isiyeni mamineti asanu, thirani khungu la lalanje, kenako menyani ndi mthiko mpaka kunyezimira kuja kuyambe kuzilala ndipo mkono uyambe kumva kulemera, pompo khuthulirani mu thireyi musachedwe. Pamenepa nde pamagona nkhani yonse, mukasiya msanga siilimba bwino, mukapitirira imaumira m'bakuli momwemo. Dulani ikadali yofunda.

Za masiku, ya chokoleti mu kontena yotseka bwino mu filiji imakwana sabata mpaka awiri, yowiritsa imakhala sabata kunja pamalo ozizira. Itsekeni ndithu, fudge imakoka fungo, yogona pafupi ndi usipa palibe agule. Mtengo wake werengani zonse mpaka mayunitsi ndi timapepala tokutira, gawani ndi zidutswa zimene zatuluka, kenako muikepo phindu lanu, ndipo dulani ting'onoting'ono poti munthu sangamalize chidutswa chachikulu.

FUNSO: Nanga magetsi akathima ndili pakati? Olo ife opanda microwave tisadye? Nagama, Likuni

YANKHO: Mudya. Ya chokoleti ndi kondensi ija imatheka bwinobwino pa mbaula kapena pa gasi, wiritsani madzi pang'ono mupoto, chepetsani moto, khazikani bakuli pakamwa pa potoyo koma pansi pake pasakhudze madzi, muzitakasa mpaka zisungunuke. Samalani nthunzi isalowe m'bakuli ndipo osavundikira, madontho a pachivundikiro ndi madzi omwe aja anavutitsa Mayi a Tadala. Filiji ikakhala yozima ikani thireyi pa simenti m'chipinda chozizira usiku onse, mutaivundikira ndi sefa, kapena patebulo miyendo yake ili m'mbale za madzi ngati kwanu kuli nyerere. Yowiritsa ija ikadukizidwa ndi magetsi khuthulirani mupoto yokhuthala pansi mumalizire pamoto wochepa mukutakasa osalekeza, muyese ndi kapu ya madzi ozizira chimodzimodzi.