Makalata a akatswiri azisudzo achita chuku

Funso: Ndimasonkhanitsa makalata osainidwa ndi akatswiri azisudzo ndi mafilimu. Ena ayamba timadontho takuda, ena inki ikuzilala. Ndikawachite lamineti? — Wowerenga wa ku Chibavi, Mzuzu

Yankho: Musayerekeze n'komwe. Makina ake amawotcha pepala, ndipo pulasitikiyo ikamatirira simatukanso. Timadonthoto ndi chuku, chobwera ndi chinyezi cha kuno ku Mzuzu. Yanikani makalatawo pamthunzi, podutsa mphepo, akauma muwasese ndi burashi yofewa. Chozilalitsa inki ndi dzuwa, choncho pakhoma pachikanipo fotokope. Chotsani mastepulo, amachita dzimbiri. Kalata iliyonse ikhale m'kathumba kakekake, m'bokosi lotsekeka bwino, muikemo timapaketi toyamwa chinyezi totchedwa silica gel. Envulopu musataye, chidindo cha positi ndicho umboni wa tsiku limene kalatayo inatumizidwa.